Mankhwala a thonje a ku depoti

Kanyama, Lusaka
19 February 1979

Kwa alamu anga a Moven,

Moni wochokera kwa ife tonse. Kodi mwadzuka bwanji kumeneko ku Katete? Chifuwa chija cha apongozi chinaleka? Kuno mvula yatisautsa, madzi afika pakhomo, ndipo sopo wasowa m'masitolo mwezi wonse.

Ndalemba ndine chifukwa ang'ono anu a Josiah sangathe kugwira cholembera. Ali m'chipatala kuyambira Lachitatu. Anagwa ku depoti komwe amatsanulira mankhwala ophera tizilombo ta thonje m'zigubu. Anzawo a pantchito, ba Mutale, ndiwo anabwera kudzanditenga. Ndinawapeza dovu lili chuu, thukuta thupi lonse, mnofu wa m'mikono ukudumphadumpha wokha.

Ndinkayesa khunyu, koma adokotala anakana. Anandijambulira pa pepala. Akuti uthenga wochoka ku ubongo umayenda m'mitsempha yopyapyala, koma mtsempha suli chingwe chimodzi. Ndi tizidutswa tambirimbiri tosagundana. Uthenga ukafika pampata, kadontho ka madzi ena ake kamauwolotsa, kenaka thupi limafufuta kadonthoko kuti mnofu upumule. Mankhwala a thonjewo amaletsa kufufutako. Ndiye uthenga umangobwerezabwereza osaleka, ndipo ukafika pa mnofu wopumira munthu amabanika ali maso. Akuti mankhwalawo amalowera ngakhale pakhungu.

Dzulo a Josiah anandizindikira, koma miyendo ikadali yolefuka. Nditafunsa ngati adzayendanso, adokotala anangoti tidikire. Ba Mutale akuti ku depotiko ena awiri ayamba kunjenjemera manja, koma kapitawo wawauza kuti wodandaula aliyense asiye ovolosi pageti, ofuna ntchito ndi ambiri. Ovolosi ya a Josiah ndakhala ndikuichapa ndine ndi manja anga chaka chonse. Adokotala atamva izi anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndibwerenso Lolemba likudzali, ndi mwana wathu Ennie yemwe, kuti adzatipime.

Pempho langa ndi limodzi. A Josiah atatsegula pakamwa, mawu awo oyamba anali a zigubu ziwiri zopanda kanthu za ku depoti zimene anakubweretserani pa Khrisimasi. Akuti apongozi anazikonda, anati azisungiramo thobwa. Alamu, kalatayi ikangofika, zibooleni ndi kuzikwirira kutali ndi chitsime. Kutsuka sikuthandiza. Mundiyankhe msanga ngati pali amene wayamba kumva mutu kapena kuona mwachimbuuzi.

Mundiperekere moni kwa apongozi, kwa akazi anu, kwa azakhali ndi ana onse. Tiikeni m'mapemphero.

Ndine mlamu wanu,
Anna Phiri