Nyanga ya Mlonda wa Mipanda

Lolemba, 14 Okutobala 1957

Ndakumbuka tsiku lomwe ndinkapita ku yunivesite, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Bambo pa siteshoni, nyanga yawo ya ng'ombe, ija yoliza ngati lipenga, ili m'khosi ngati masiku onse. Anati, "Pita ukalondere mawu, Dorcas, ine ndizilondera mipanda. Tione amene ayambe kuthawitsa zake." Sindinaganize kuti mawu othawawo adzakhala awo. Miyezi itatu tsopano chifereni mbali yakumanja. Pakamwa pangotsala "eya" ndi "ayi".

Bwalo la mudzi likhala Lachisanu la sabata yamawa. Chaka chilichonse mlonda wa mipanda ya msipu amalumbira mokweza pamaso pa akuluakulu khumi ndi awiri. Wolephera kulumbira amatula nyanga. Bambo aivala zaka 36. Lero m'mawa ndawapeza aifumbata pansi pa bulangete.

Lachiwiri, 15

Dokotala Garbutt abwera. Matope pamkeka, makapu awiri a tiyi. Andiseka monga mwa nthawi zonse: "Inu a ku yunivesite, kodi makolo athu ankanditchula ndani ine?" Ndawauza kuti m'Chingelezi chakale ankati leech, kutanthauza mchiritsi, liwu lakale kuposa doctor, limene poyamba linkangotanthauza mphunzitsi. Ndiponso kuti chala chovala mphete ankachitcha chala cha mchiritsi. Anachiyang'ana chawo. "Chimenechi? Chokhota ndi nyamakazichi?" Bambo anaseka ndi theka la nkhope. Koyamba kuyambira Julayi. Zokwanira tsiku limodzi.

Akufuna ndiwalembere mayina onse akale otere, akawaonetse anyamata a kuchipatala amene amawanena kuti ndi achikale.

Lachinayi, 17

Cyril Odling kugolosale: "Ukawalonjere madala. Nyanga ija asaidandaule, ndiziipukuta bwino." Ine kungomwetulira ngati chitsiru. Yankho linabwera nditafika kale kunyumba. Ndimatero.

Cyril si woipa. Ndi iye wakhala akutseka mipata ndi kubweza ng'ombe zosochera chidwalireni Bambo. Koma atadutsa pawindo, Bambo anatembenukira kukhoma.

Maphunziro angawa ndi a chiyani? Ndimadziwa kuti hayward, dzina la udindo wa Bambo, ndi mawu awiri omatana, mpanda ndi mlonda. Kuti steward, mkulu wa bwalo, poyamba anali mlonda wa nyumba. Kuti constable, amene lero amagwira akuba, anali woyang'anira khola la akavalo. Ndingalondole liwu zaka chikwi m'mbuyo, koma limodzi lokha sindingalibwezere mkamwa mwa bambo anga.

Loweruka, 19

Abusa andipatsa kiyi wa bokosi la zolembedwa zakale za bwalo, kutchalitchi. Ndinapitira za dokotala basi, kukaona mmene ankalembera dzina la mchiritsi kuno. Kuzizira, fungo la mbewa.

Pa chikalata chachikopa cha 1683 ndapeza china. Mlonda wa mipanda wotchedwa Ralph Tebb, wosalankhula chibadwire, analumbira poliza nyanga katatu, kamodzi kuimira chipata chilichonse cha msipu, ndipo bwalo linavomera. Ndawerenga kanayi, kuopa kuti Chilatini changa chikundinamiza. Sichikundinamiza. Ndakopera zonse papepala.

Zikomo, Ralph Tebb, kaya unali munthu wotani.

Lamulungu, 20

A Maltby, mkulu wa bwalo, awerenga pepala langa ataima pakhomo. "Mwambo ndi mwambo, mwana wanga, ngakhale utadyedwa ndi mbewa. Koma katatu, osati kawiri ndi theka."

Bambo ayesa. Mpweya ndi malovu basi. Mlomo wakufawo sugwira. Aponya nyanga pansi, ndipo nkhomaliro akana. Mwina ndangowakulitsira manyazi. Akanatula mwakachetechete, tsopano akalepherera pagulu, chifukwa cha ine.

Lachitatu, 23

Masiku atatu dokotala akufika m'mawa asanayambe kuzungulira odwala. Asunthira nyanga ku ngodya yamoyo ya pakamwa, mbali yakufayo n'kuitsina ndi chala kuti mpweya usathawe. Chala chomwe chija. Anandiyang'ana kuti ndione. Kenako kwa Bambo: "Uzira, Enoch, tonde wokalamba iwe! Zaka zonsezi wakhala ukundidzutsa ndi chinthu chimenechi, lero ndiye uchite ulemu?"

Lero nyanga yalira. Ngati mwana wa ng'ombe wodwala m'mimba. Galu wathawira kunja. Ndakalirira kukhitchini, ndikusenda mbatata.

Lachisanu, 25

Anthu anawanyamula Bambo pampando mpaka m'chipinda cha bwalo. Dokotala sanaloledwe kuyandikira, choncho mlomo anatsina Bambo okha ndi dzanja lomwelo lamanzere, nyanga ataitsamiritsa paphewa langa.

Koyamba inalira bwino. Kachiwiri mosweka. Kachitatu, zii. Thukuta pamphumi, wina kutsokomola, a Maltby kuyang'ana wotchi. Wolankhula anali Cyril, mwa anthu onse: "Musawafulumize, bwana. Ng'ombe zimadziwa kudikira."

Inalira. Kufupi, konyansa, koma inalira, ndipo ng'ombe ina kumsipu inayankha. Anthu kuseka, a Maltby kulemba dzina. Bambo analoza miyendo ya Cyril, kenako pachifuwa pawo pamene panali nyanga, n'kunena "eya". Onse anamva. Cyril aziyendera mipanda, nyanga ikhala kuno.

Ndinamuganizira zoipa munthuyu sabata yathunthu.

Loweruka, 26

Mndandanda wa dokotala ndamaliza. Mayina asanu ndi awiri, lililonse ndi kwawo. Pa surgeon ndalemba kuti linachokera ku Chigiriki, ntchito ya manja, ndipo ndalekera pomwepo. Zikuoneka zochepa kwambiri. Katatu ndayesa kulemba zothokoza m'munsi, katatu ndafufuta. Pakamwa ndiye sindingathe n'komwe, ndingomwetuliranso ngati chitsiru.

Basi nding'amba masamba awa, kuyambira Lolemba lija, ndi za kulira pa mbatata zomwe. Dokotala awerenge okha. Andiseke akafuna. Ndiwapinda kanayi, mndandanda m'kati, ndiwapatse m'manja asanavule chipewa, mtima usanandibweze.

Galimoto yawo yaima pachipata. Bambo aimva kale, akufunafuna nyanga