Mpando wa Bambo Unakudikirani

17 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira munayenda bwino, ndipo alamu ndi ana munawapeza ali osangalala. Ife kuno tilipo, kungoti Bambo miyendo ikutupabe.

Ndalemba chifukwa cha mawu awiri a Chingerezi amene munanditumizira pafoni tsiku lomwe munatsika ndege. Munati muli ndi misonkhano komanso ukwati wa mnzanu, koma tipanga "catch up". Uthengawo ndinawawerengera Bambo ali pakati pometa munthu. Anazimitsa makina n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti chiyani? Akubwera kapena sakubwera?" Ndinati akubwera.

Mawa lake ndinafunsa mnzanga amene amaphunzitsa Chingerezi kusukulu kwathu. Anati poyamba mawuwa ankanena za kuthamangira munthu amene ali patsogolo mpaka kum'peza, koma masiku ano anthu amawanena akafuna kukhala pansi n'kuuzana zonse zimene zachitika chisiyanirane. Anawonjeza akuseka kuti ambiri amangotsanzikira, monga mmene ife timanenera kuti tionana. Chomalizachi Bambo sindinawauze. Ndinangokumbukira mmene ndinkakuthamangirani popita kusukulu, chikwama chikundimenya kumsana, inu mutaima pangodya ya ogulitsa matayala kundidikira.

Mukudziwa chizolowezi cha Bambo: mwana akachokera kutali, asanadye n'komwe, amayamba wakhala pampando wometera. Ndiye anakonzeka. Anakanoletsa makina, anachapa nsalu yoyera ija imene saveka kasitomala wamba, anapukuta galasi lawo long'aluka pakona. Eni nyumba anali atawauza kale kuti kutha kwa mwezi akufuna chipindacho kuti azigulitsiramo mafoni, ndipo Bambo sanatsutse, poti manja awo akunjenjemera. Anangoti mutu womaliza kumeta m'shopumo ukhala wa mwana wawo wachisamba, popeza ndi mutu womwewo umene anayambira tsiku limene anatsegula.

Galimoto ikaima panja ankamuuza kasitomala kuti, "Tadzukani pang'ono, bwana, mwina ndi mwana wanga." Telala wa khomo loyandikana anayamba kuwanyogodola. "Madala, masiku ano mukumeta theka? Ndiye tizilipiranso theka!" Bambo ankaseka nawo.

Loweruka telala yemweyo anabwera ndi foni, wosaganiza choipa chilichonse. "Madala, si mwana wanu uyu?" Chinali chithunzi chanu, muli paukwati uja, muholo ya kuseri kwa msika, pomwe Bambo amadutsa ndi ndodo yawo akamapita kuchipatala. Suti yokongola, tsitsi lometedwa kumene. Bambo anavala magalasi, nauza telala kuti akulitse chithunzicho, nayang'anitsitsa. Kenako anati, "Wam'meta ndani? Kuseri kwa khutu lamanzereku kuli chipsera cha waya uja anam'cheka ali mwana, sipadutsa lumo pamenepo." Anapinda nsalu yoyera ija n'kuibwezera m'kabati.

Tsiku lotseka shopu anandikhazika ine pampando. Ndinati, "Bambo, padazi langali mumetapo chiyani?" Anati, "Takhala chete iwe, mutu ndi mutu." Anayendetsa makina pang'onopang'ono, chala chawo chikundipinda khutu monga kale, koma pagalasi ndinaona kuti maso awo ali kukhomo.

Dzulo munalembanso kuti nthawi inachepa, "catch up" tidzapanga chaka chamawa. Achimwene, mawu amenewa musanditumizirenso. Ngati simubwera, nenani m'chiyankhulo chimene Bambo amamva, kuti ine ndisakhalenso womasulira zabodza kwa nkhalamba. Mpando uja anaugula wosoka nsapato, amakhazikapo anthu odikira nsapato zawo. Galasi lili kuchipinda kwanga, ndalitembenuzira kukhoma.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mlamu wanu kuno akuti moni. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Akuti muwauze okumetani kumeneko kuti kuseri kwa khutu lamanzere azidutsako ndi sizasi basi.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamudikira pangodya.