Pa Chingwe cha Matewera

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Ife tinafika bwino. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanafike kumene ndikupita. Achemwali akuwerengereni pang'onopang'ono, asadumphe pena.

Mdzukulu wanu Kadona akuyamwa, akugona, m'mimba muli bwino, thupi silinatenthepo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wanu ukhale pansi.

Mawu amene munanena pokwerera basi, akuti mwana woyamwa sapita naye kumsonkhano wa makompyuta, mpongozi wanu anawamva. Basi itanyamuka anandiuza kuti, "Bambo a Kadona, mwanayu akakangovutika kumeneko, ndibwerera, ndipo ntchitoyi ndisiya." Mukumudziwa, salankhula kawiri. Ine ntchito yakeyo sindiimvetsa yonse, sukulu yanga mukudziwa pamene inathera. Chimene ndikudziwa n'chakuti anapanga chinthu chotumiza uthenga pa foni kukumbutsa azimayi tsiku la sikelo, ndipo amuitana kuti adzachionetse kwa anthu. Sindikufuna kuti asiye. N'chifukwa chake ndinasiya mipope ya anthu ikudontha n'kumuperekeza.

Okonza msonkhano anatipezera hotela yaikulu kutsidya kwa tauni. Basi imatenga alendo m'mawa n'kuwabweza madzulo. Nanga Kadona, woti botolo amalilavula, angadikire mpaka madzulo? Komabe ndinakaiona. Pansi ponse kapeti, mawindo osatseguka, mphepo ya makina yozizira ngati mufiriji. Ndinafunsa mtsikana wa pakauntala poyanika matewera. Anati, "Bambo, kuno sitiyanika, zochapa timatumiza kwina." Ndinangoti zikomo.

Dzulo m'mawa mpongozi wanu atalowa mu holo ya msonkhano kukalembetsa, ine ndinabereka mwana ndi nsalu yanu ija, imene munatiponyera pawindo la basi osatiyang'ana n'komwe, n'kuyamba kuzungulira kufuna malo apafupi. Oyendetsa matakisi anandiseka. Wina anati, "Achimwene, akuthawani? Kwerani ndikakutuleni kwa apongozi!" Ndinati, "Galimoto yanuyo ili ndi bere?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anandilozera njira.

Malo oyamba anali ndi bala pansi pake, nyimbo zili mkokomo m'mawa womwewo. Achiwiri mpope wake umatulutsa dzimbiri. Achitatu ali kuseri kwenikweni kwa holo, mpanda ndi umodzi. Amawayang'anira ndi mayi wina wa makiyi ambirimbiri m'chiuno. Ndinatsegula mipope yonse, ndinagujumula chimbudzi, ndinatembenuza matiresi kufuna nsikidzi, neti ndinaiunika padzuwa. Mayiwo anati, "Kodi mwabwera kudzagona kapena kudzagula nyumba?" Kuseri kuli chingwe chachitali choyanikapo, dzuwa tsiku lonse. Kuchoka pachipinda kukafika pakhomo la m'mbali la holo, tiyi sangazizire m'manja. Ndinalandira kiyi ndikudzimva kuti ndine bambo weniweni.

Mpongozi wanu atabwera anayamwitsa, anatsegula kompyuta yake pamiyendo, n'kufunsa kuti, "Intaneti ya pano ndi iti?" Amayi, intaneti munalibe. Madzi ndinayesa, nsikidzi ndinafufuza, koma chimene tinabwerera sindinachifunse. Tebulo mulibe, soketi ndi imodzi, kuseri kwa bedi. Foni nayonso m'chipindamo imagwira mwa apo ndi apo. Chinthu chakecho chimafunika kuchiyesa asanaime pamaso pa anthu. Sanandikalipire. Anatseka kompyuta pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mwina amayi ananena zoona." Kukalipa kukanakhalako bwino.

Ndinapita kwa mayi wa makiyi uja mutu uli pansi. Anaseka mpaka makiyi kulira. "Mwaona pamene udzu unafa pansi pa chingwe paja? Mumayesa ndi nkhuku? Alendo onse a misonkhano amaima pamenepo. Intaneti ya mu holo imadumpha mpanda!" Anatibwereka mpando ndi thabwa lositirapo zovala. Mpongozi wanu anayesa ndi manambala achinsinsi amene anamupatsa polembetsa, inagwiradi. Anagwira ntchito masana onse pakati pa matewera, ine ndikusunthasuntha bedishiti pachingwe kuti dzuwa lisamuombe kumaso.

Lero ndiye linali tsiku lake lolankhula. Nthawi ya tiyi anayamwitsa pakhomo la m'mbali lija, mlonda atamupatsa mpando wake iye n'kutembenukira kumsewu. Atangolowa, Kadona anayamba. Sindikubisirani, analira, kulira kwake kuja kofiira nako nkhope. Foni inali m'manja mwanga. Ndikanangoimba, mayi ake akanatuluka mawu ali pakamwa, ndipo mukudziwa chimene chikanatsatira. Ndinagwira thewera, louma. Ndinagwira pachipumi, palibe kutentha. Ndinabwerera kuchipinda, ndinamubereka ndi nsalu yanu, n'kutsegula mpope wa kubafa kuti uzithira mu ndowa. Kunyumba ndikamakonza sinki amakonda kumvetsera phokoso limenelo. Ndowa isanadzaze anali atagona. Kuseri kwa mpanda ndinamva anthu akuwomba m'manja. Sindikudziwa ngati ankawombera mpongozi wanu, koma ine ndinangotenga kuti ndi zake.

Atabwera anafunsa asanavule ndi nsapato zomwe, "Walira?" Bodza linafika pamilomo, koma ndinalimeza. Ndinati, "Walira, ndamutonthoza, wagona." Anamugwira mwana pamutu, pamimba, kumapazi. Kenako anati, "Kabwerekeninso thabwa lija, ndisite diresi la mawa."

Tibwera Lamlungu. Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Tikatsika basi, mwana ndikupatsani ineyo, mumuyang'ane paliponse mmene mungafunire. Koma mukatero, mumufunseko mpongozi wanu kuti msonkhano unayenda bwanji. Ngakhale musadzamve zonse zimene adzayankhe, palibe kanthu, inenso ndimangogwedeza mutu.

Moni kwa achemwali, alamu ndi ana onse. Alamu muwauze asakhudze mpope wa panja uja, ndidzakonza ndekha. Ndamufunsa mpongozi wanu ngati ndilembe moni wake. Wati, "Lembani. Muwauzenso kuti nsalu yawo tachapa, koma sitibweza."

Ine mwana wanu,
Bambo a Kadona