Dzina lachisanu pa mndandanda

LACHISANU

08:12 Achemwali: ndye wasayina kapena ayi? paja kusukulu kuja anati kalata ya ntchito ija ibwerere 12 isanakwane

08:14 Injiniya: ndangolowa kumene mu ofesi achemwali. printer ya ku accounts yadya pepala, ndikubwera

08:15 Achemwali: printer sithawa. ntchito ya permanent ndiye imathawa

08:31 Injiniya: koma salary yake mwaiona? ndi theka la yomwe ndikulandira kuno. rent ya kachipinda kanga kaja ingameze yonse

08:32 Achemwali: theka lobwera mwezi ndi mwezi. iwe ntchito yako imatha miyezi itatu iliyonse ngati bundle

08:33 Injiniya: kkkk musandiseketse ndili pansi pa desiki ya munthu ndikusaka chingwe

08:40 Achemwali: 🎤 mawu 0:44
Iwe, tamvera. Zaka ziwiri uli pamenepo, ndipo miyezi itatu ikamatha umaonda ngati wadwala. Mwana atabanika chifuwa chija unagona naye kuchipatala masiku atatu, anthuwo anakudula malipiro a masiku atatu omwewo. Anzako a permanent akangoyetsemula basi ali pa leave. Kusukulu akupatsa medical, penshoni, tchuthi. Ndalama ndi yochepa, sindikukana. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, mng'ono wanga, wapachala ngwa mphepo.

08:52 Injiniya: ndamva. koma ndikalola ndye kuti ndisamuke, ndipite kumapeto kwa tauni. mabasi awiri kupita, awiri kubwera. mwana ndizimudzutsa 4 koloko ndi chifuwa chakecho?

08:53 Injiniya: komanso a bwana anandiuza Lolemba kuti akukonza ndikhale wa permanent konkuno. salary yomweyi

08:53 Achemwali: anakuuza pakamwa

08:57 Injiniya: ee koma ulendo uno ndi zosiyana. paja ndawapangira ka system kaja. munthu contract ikatha, a HR akangolemba, mndandanda umabwera kwa ine, 5 koloko kamatseka kokha email yake ndi khadi la pakhomo. kale tinkatseka pamanja nkumaiwala ena. a director anandiombera m'manja mu meeting

08:58 Achemwali: m'manja ndimaombanso ine. contract yakoyo ikutha liti?

09:03 Injiniya: lero

09:03 Achemwali: LERO??

09:04 Injiniya: pepala la contract yatsopano limachedwa nthawi zonse, musaope. dikirani ndiwafunse

09:07 Injiniya kwa Bwana: mwadzuka bwanji bwana. ndimafuna ndimve za nkhani ya Lolemba ija. pali kwina akufuna yankho langa 12 isanakwane

10:20 Injiniya kwa Bwana: pepani bwana kuvutitsa. mawu amodzi okha andikwanira

10:55 Achemwali: ayankha?

10:56 Injiniya: awerenga. ali mu boardroom, ndikuwaona pagalasi

11:21 Achemwali: sayina kusukulu. ukafuna udzasiya. chonde

11:38 Bwana kwa Injiniya: ndili mu meeting. musadandaule, zonse zili m'malo 👍

11:39 Injiniya: mwaona? ayankha. zonse zili mmalo

11:40 Achemwali: m'malo ati? afunse kuti pepala lili kuti

11:41 Injiniya: achemwali sindingafunse munthu wamkulu katatu tsiku limodzi ngati wandibera

11:53 Injiniya: ndawayankha akusukulu. ndathokoza, ndakana. msandikwiyire

11:54 Achemwali: 📞 foni yosayankhidwa

11:55 Achemwali: 📞 foni yosayankhidwa

12:10 Achemwali: chabwino. Mulungu akhale nawe. wadya?

14:32 Injiniya: achemwali

14:32 Injiniya: achemwali muli pa foni?

14:33 Achemwali: ndili pano. chachitika nchiyani

14:35 Injiniya: mndandanda wa lero wabwera. wa anthu otsekedwa 5 koloko. mayina 6

14:35 Injiniya: lachisanu ndi langa

14:36 Achemwali: mwina a HR sanalembe kuti akuwonjezera. wati pepala limachedwa

14:41 Injiniya: 🎤 mawu 0:52
Ayi, achemwali. Ndili m'chipinda cha ma server, musadabwe ndi phokosoli, ndi mafani, kuno ndi kokhako kopanda munthu wondiona. Ka system kaja ndinaika malo osonyeza chifukwa, ndi dzina la amene wavomereza, ndi tsiku. Ine ndemwe ndinaumirira kuti pakhale zimenezo, kuti pasamakhale kukanirana. Palembedwa kuti sakuwonjezera. Wavomereza ndi a bwana. Lolemba. Lolemba lomwe lija anandiimitsa pakhonde nkundigwira paphewa. Ndichite chiyani, achemwali?

14:42 Achemwali: imbira kusukulu POMPANO. usalembe, imba

14:58 Injiniya: ndaimba. akuti nditangokana anaimbira amene anali wachiwiri. wavomera pomwepo

14:59 Injiniya: mayi amene anayankha foni anandimvera chisoni mpaka ndinachita manyazi. akuti ndidzayesenso chaka chamawa

15:02 Injiniya kwa Bwana: bwana dzina langa lili pa mndandanda wa lero. ndakana ntchito ina 11:53 chifukwa cha uthenga wanu

15:30 Injiniya kwa Bwana: bwana ndili ndi mwana wodwala

15:47 Bwana kwa Injiniya: aa pepani, ndimati tikhale pansi Lolemba likubwerali ndikufotokozereni bwino. budget yavuta kumtunda. nkhani si ntchito yanu ayi, inu ndinu katswiri. zikasintha tidzakuitanani

15:48 Bwana kwa Injiniya: musanapite mulembe handover ya system ija, ena sakuidziwa. laptop musiye pa reception

15:55 Injiniya: akuti ndine katswiri

15:56 Achemwali: mfiti yeniyeni. iwe sungalichotse dzinalo? si iwe unapanga?

15:59 Injiniya: ndingathe. sekondi khumi. koma kamalemba amene wachotsa ndi nthawi yake, nkutumiza kwa a director. ndinatseka mpata umenewo ndekha

16:00 Injiniya: ndipo kuchotsa dzina si contract. Lolemba ndingolowa pakhomo, wondilipira palibe

16:04 Injiniya: landlord amafuna yake pa 1. mankhwala opopera a mwana atsala a sabata imodzi. ndikamuuza chiyani mwanayo, mmawa ndamulonjeza nsapato

16:05 Achemwali: mwana undisiyire ine, ndikamutenga kusukulu kwake. mubwere kwathu, alamu ako agona pa mpando, sadzafa

16:06 Achemwali: ndipo handover usalembe. aone okha

16:31 Injiniya: ndalemba. masamba anayi. yemwe atsale nayo ndi mnzanga, naye ndi wa contract, sanandilakwire

16:50 Injiniya: wa ku accounts wabwera, akuti printer yadyanso pepala. ndamukonzera

16:58 Injiniya: ndakhala pa mpando ndikungoyang'ana screen. mwina kalakwitsa penapake. mwina sikagwira

16:59 Achemwali: ndili nawe

17:00 Injiniya: kagwira

17:01 Injiniya: khadi lakana kutsegula chitseko. ndikudikira wina atuluke ndimutsatire

17:06 Bwana kwa Injiniya: ndaona onse 6 atsekeka pa nthawi yake. ntchito yabwino 👍

17:20 Achemwali: mwana ndamutenga. akufunsa ngati mwagula nsapato

17:34 Achemwali: watuluka?

17:52 Achemwali: iwe