Buku la Ababa ndi Osuta Fodya

Chiputo, Maravia
12 Novembro 2024

Okondedwa achimwene Adérito,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti dzuwa latikwiyira, ndipo mitambo yayamba kusonkhana masana. Minda tasosa kale, tikungodikira mvula. Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe foni ndili nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa: pa foni mumayankhula nokha, ine ndikangoti nditsegule pakamwa, mwati rede, netiweki ija, yathawa. Nanga munthu azikwera chulu padzuwa, mkono uli m'mwamba kusaka rede, kuti akangomva ulaliki wanu? Apa ndiye muwerenga mpaka pomwe ndilekezere.

Ndamva zimene mwachita. Dona Telma andiuza okha. Akuti munawaimbira n'kuwauza kuti inu, monga mwana wamkulu wa a Baltazar, mwaletsa kuti gawo lachiwiri la buku la Ababa lisindikizidwe, poti banja lachita manyazi mokwanira. Achimwene, mayi aja ali ndi kamakina kamodzi kuseri kwa nyumba yawo ku Tete, kosindikizira timapepala ta nyimbo za kutchalitchi ndi toitanira anthu ku ukwati. Palibe wina akanalola kuthera inki yake pa buku la Chinyanja lonena za azungu akale amene ankapita kukazunzika ndi chisanu kumathero a dziko. Iwo analola chifukwa anawerenga n'kulikonda. Ndiye inu n'kumawaopseza ndi mawu anu a mu gabinete, ofesi yanuyo? Anandiuza mwaulemu kuti, "Mana Gracinda, ine za pabanja sindilowerera. Mukabwera ndi zolembazo pamodzi ndi mawu a mwini wake, ndisindikiza. Koma msewu wanuwo ukatsekeka ndi mvula musanafike, makina ndiwapereka ku ntchito zina, ndipo sindidziwa kuti mpata udzapezekanso liti."

Inu mukudziwa kumene bukuli linachokera. Ku Ukwimi, ku Zambia kuja tili othawa nkhondo, wansembe wina ankabwereka Ababa mabuku a maulendo amenewa, iwo n'kumatifotokozera pansi pa mtengo. Ife mimba zikulira, iwo akutiuza za anthu amene njala yawo inaposa yathu, m'dziko lopanda mtengo ndi umodzi womwe, kumene madzi amauma gwa ngati mwala, ndipo dzuwa likatuluka limaiwala kulowa. Tikamasewera za nkhanizo, ndani ankakhala galu wotsogolera, kukoka chiguduli ine nditakhalapo? Si inuyo, abwana a ku Beira? Kuyambira pamenepo Ababa sanaleke. Tabwerera kuno kwathu, iwo akulima, akuphunzitsa ku shikola, koma akulembabe. Tsopano maso awo achita ng'ala, zilembo saziona. Gawo lachiwiri lonse anena pakamwa ine n'kumalemba, ndipo masiku ena amaiwala pamene tinalekezera dzulo lake. Chaka chamawa chimene inu mukuti tidikire, ine sindikuchikhulupirira.

Sindikana, zimene munamva n'zoona. Anthu akusuta buku la Ababa.

Katoni yoyamba itafika ndinaika mabuku pa banka, kabenchi kogulitsirapo ka kumsika, ndipo sanachedwe kutha. Ndinasangalala ine, kuthamangira kwa Ababa kukawauza kuti Chiputo yense wagwa m'chikondi ndi dziko la jelo, la madzi ouma gwa lija. Ngakhale amuna amene shikola anangoiona panja akudutsa ankagula. Ababa tsiku limenelo anavala jekete lawo lakutchalitchi n'kukhala nalo pakhonde, lili Lachiwiri. Choonadi ndinakachipeza kuchigayo. Ndinaona kotsalira ka ndudu pansi, pali zilembo, ndipo nditakatola ndinawerenga mawu akuti "atafika pa phiri la chisanu", kwinako kutapsa. Mawu amene ndinamva Ababa akuwasintha kangapo konse kuti amveke bwino! Pepala la Dona Telma ndi lopyapyala, lofewa, ndipo amuna akuno anazindikira msanga kuti popichira chingambwe limaposa makoko a chimanga. Ndinalira panjira yonse, ufa uli pamutu. Ababa sindinawauze, ndipo nawo anansi ndinawachonderera kuti atseke pakamwa.

Tsono zimene anakuuzani okuuzaniwo zinathera pamenepo. Zotsatirazi simunazimve.

Sabata yatha m'mawa, Ababa ali pansi pa mango akupota chingwe cha mbuzi, panaima ngolo pabwalo. Anali a Olímpio, aja a ng'ombe ziwiri zakuda amene amatuta njerwa, mano ofiira ndi fodya. Anatsika buku lili m'manja, koma buku lake lowonda, chikuto chakumbuyo chikungolendewera. Ndinadzambatuka. Ndinayesa kuwatchingira, kuwauza kuti madala akupumula, koma iwo anandilambalala n'kukanjuta pafupi ndi Ababa.

"A profesoro, ndabwera ndi dandaulo," anatero.

"Nenani, a Olímpio."

"Anthu anu aja sitima yawo yaphwanyika, jelo waifinya. Atsala pamwamba pa madzi ouma ndi agalu awo, chakudya chikutha. Ndiye zinatha bwanji?"

Ababa anamwetulira, nati, "Pitirizani kuwerenga, zili kutsogoloko."

"Kutsogoloko kulibe, a profesoro. Ndinasuta."

Achimwene, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. A Olímpio anafotokoza bwinobwino, opanda ndi manyazi omwe, kuti iwo anagulira fodya basi, ndipo ankang'amba kuyambira kumbuyo. Tsiku lina akudikira njerwa anatsegula kumayambiriro, maso awo n'kugwera pa agalu okoka ngolo yopanda mateyala. Monga munthu wa ngolo anati aone kuti bodza limeneli lithera pati. Ndiye anayamba kuwerenga kuchokera kutsogolo, pang'onopang'ono poti shikola anailekera panjira, uku akusutabe kuchokera kumbuyo, mpaka kuwerenga ndi kusuta zinakumana pakati.

Ababa anasiya chingwe. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Limayaka bwino?"

"Kwambiri. Silizima panjira ngati nyuzipepala."

"Ndinu nokha?"

"Ayi, tilipo ambiri. Koma amene tayamba kuwerenga tilipo angapo, ndipo tonse tathera pamodzimodzi. Anzanga andituma. Makamaka tikufuna kudziwa za agalu."

"Anthu aja anapha agaluwo n'kuwadya," anatero Ababa.

A Olímpio anavula chipewa. Anayang'ana ng'ombe zawo, nati, "Atawakokera katundu mtunda wonse uja?" Kenaka anati, "Ife pothawa nkhondo galu wathu tinamumangirira pa mtengo kuti asatilondole, angauwe asilikali n'kutimva. Mpaka lero sindinawetenso galu." Anatsanzika, nakwera ngolo yawo.

Musaganize kuti Ababa anaseka. Zinawapweteka. Analowa m'nyumba, chakudya anakana, ndipo tsiku lonse sanandiyankhule. Ine ndinati basi, bukuli lafera pompa, achimwene apambana osadziwa n'komwe. M'mawa mwake anandiitana, nandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinawauza zonse, za kuchigayo zomwe. Anati, "Iwe Gracinda, maso okha ndi amene afa, usandiike m'manda ndi mutu womwe. Usadzandibisirenso kanthu." Mawu amenewo anandilasa kuposa kukalipa kwanu konse, ndipo ndinapepesa nditagwada.

Ndinawauzanso maganizo amene ndinali nawo, oti tipemphe Dona Telma asindikize gawo lachiwiri pa pepala lokhuthala, losapichirika. Anandiyang'ana ndi maso awo oyerawo ngati ndayankhula zamisala. "Ndiye agule ndani? Olímpio akanaligwira buku limeneli chipanda fodya? Tenga cholembera." Ndinatenga, ndipo uthenga umene ananena ndi uwu: pepala likhale lomwelo lopyapyala. Kumayambiriro kwa gawo lachiwiri abwerezemo mathero a gawo loyamba, poti m'Chiputo muno mathero amenewo anapita ndi utsi. Ndipo kumbuyo kwa buku aikeko masamba oyera, opanda chilembo, ochuluka ndithu, pamwamba pake alembe kuti, "Awa ndi a fodya. Nkhani isiyeni."

Ndinaseka mpaka misozi, iwo osaseka. Akuti munthu akamasuta masamba oyerawo buku likhala m'thumba mwake masiku ambiri, ndipo tsiku lina adzalitsegula kutsogolo.

Tsono tamverani, achimwene. Manyazi amene mukunenawo ndi anu, a kumeneko, poti wina anakutumizirani chithunzi pa foni anzanu a kuntchito n'kuseka. Ife kuno tinachita nawo manyaziwo, tatha nawo. Dzulo ndadutsa pa banka ndapeza amuna akukangana ngati n'zoona kuti dzuwa lingakhale miyezi osalowa. Wina akuti a profesoro akalamba ayamba kunama, wina akuti nanga nkhuku za kumeneko zimagona nthawi yanji. A Olímpio ali pakati, akuwerenga ndi chala, mokweza, kulakwitsa mawu ena, ndudu ili kukhutu. Mayi wina wa ku Malowera wandiimitsa kufunsa ngati mabuku atsalako, akuti mwana wake wamkazi anawerenga la amalume ake lisanathe kusutidwa. Inu mukuti zimenezi zileke chifukwa dzina la banja likupsa pa milomo ya anthu. Ine ndikuti lipse, bola likuwerengedwa.

Loweruka kukubwera kamyau, lole yodzatenga chimanga, ndipo woyendetsa wavomera kunditenga mpaka ku Fingoe. Kuchokera pamenepo ndikwera shapa, minibasi ya ku Tete. Zolemba zonse ndazikulunga m'pulasitiki, ndaziika m'chitenje, ndipo mawu a mwini wake ndawajambula pa foni kuti Dona Telma akamve okha. Bambo a ana avomera kutsala ndi Ababa ndi mbuzi. Mvula ikandipezerera panjira kamyau n'kutitimira, nditsika ndiyende wapansi, miyendo ndili nayo. Mukafuna kuimbiranso Dona Telma imbani, koma dziwani kuti bukuli si lanu, si langanso. Ukulu wanu ndimaulemekeza, ndipo pa maliro ndi pa maukwati mawu anu ndi amene timatsata. Pa ichi chokha ndakana.

Sindikudani, musamve molakwa. Ndikudziwa kuti mankhwala a maso munatumiza aja munawafunafuna movutikira, ndipo Ababa amadontheza m'mawa uliwonse akutchula dzina lanu. Ngati mtima wanu ungafewe, chimene ndingapemphe n'chochepa. Dona Telma alibe wowanyamulira mabuku kufika nawo ku Beira, ndipo kumeneko aliko anthu akwathu ambiri amene Chinyanja amangochimva pa foni. Katoni imodzi pa Natale, mukabwera kudzadya Khirisimasi, simungathyoke nayo msana.

Mupereke moni kwa alamu a Yolanda, muwauze kuti nyemba zawo ndasunga, sizinafumbwe. Ana muwapsompsone, ndipo wamng'onoyo aleke kukula ndisanamuone. Bambo a ana akupereka moni. A Olímpio nawo akuti moni kwa mwana wa a profesoro, ngakhale sakukudziwani.

Ababa ali pompano pamene ndikulemba. Za foni yanu kwa Dona Telma ndawauza, poti ndinalonjeza kusawabisiranso kanthu. Sanakalipe. Akuti moni, mwana wanga, Mulungu akusunge pa ntchito yako. Akutinso ndikufunseni chinthu chimodzi. Buku loyamba kutuluka m'katoni, limene anasaina ndi dzanja lawo ine nditawagwira mkono kuti asaphonye mzere, anatumiza kwa inu. Akuti poti inu simusuta, lanulo lili lathunthu, ndipo mwina ndi lokhalo lotsala ndi mathero ake. Ndiye akufunsa kuti mwafika pati, ndipo pakukomerani ndi pati.

Akhala akudikira yankho. Ndidzawawerengera ndine, ndipo ndidzawerenga monga momwe mudzalembere.

Ndine mlongo wanu wokukondani, wosamva uja,

Gracinda