Anandilanda Mthiko pa Maliro

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, koma mwendo wanga uja ukuvutabe.

Nkhani ndi ya mwana wathu Filomena. Paja atamaliza maphunziro a zamalamulo ku Beira n'kukhala loya, amene kuno timati adivogadu, kampani ya migodi inamufuna, iye n'kukana, ati akufuna kuimira anthu oti aziwadziwa nkhope. Tsopano akuimira mayi wina wamasiye wa ku Chipera, amene okumba golide anamukumbira maenje m'munda monse, mbuzi zake n'kumagweramo. Wotsogolera okumbawo ndi Zakeyu, mwana wa amayi aang'ono.

Sabata yatha tinali pa maliro ku Malowera. Nditagwira mthiko kuti ndithandize kuphika, amayi aang'onowo anandilanda anthu akuona. "Khalani pansi, amake adivogadu. Ife tidye zophika anthu otikokera ku khoti?" Ndinakhala ndekha pa mkeka ngati mlendo mpaka kuika maliro.

Nditafika kunyumba ndinamukalipira Filomena: "Kodi adivogadu ndiwe wekha m'Tete muno?" Iye anangoyankha mofatsa kuti, "Amayi, Zakeyu ali ndi mtundu wonse kumbuyo kwake. Mayi uja ali ndi ine ndekha." Mtima ukundiwawabe.

Chonde muimbireni foni Zakeyu, inu amakumverani. Akwirire maenjewo mlandu usanalowe. Koma Filomena musamuimbire. Sasintha, ndipo inenso sindikudziwa ngati ndikufuna asinthe.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Rozita