Nambala za Achimwene

Lachisanu, Juni 2007

Lero kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunamasuke. Achimwene abweranso kuchokera ku Chinsapo atanyamula manyuzipepala akale momwe muli zotsatira za lotale. Awayala patebulo n'kuyamba kundionetsa nambala zotuluka kawirikawiri ndi zimene zasowa.

"Taona 17 uyu, chidutsire Pasaka sanatulukepo. Watopa kubisala ameneyu. Iwe ndiwe mphunzitsi wa masamu, tandiwerengera."

Ndawauzanso kuti timipira ta nambala ta m'makina a lotale sitikumbukira za sabata yatha. Kalikonse kakhoza kutuluka, ngakhale komwe kanatuluka dzulo. Angoseka.

"Ndiye fizi ndinkakulipirira ija inali yoti uzidzandiuza kuti sukudziwa?"

Awa ndi amene ankandikweza panjinga kupita kusukulu ku Kawale, ine nditakoleka zala m'lamba wawo, iwo akuimba mluzu. Chiwachotsereni ntchito, nambala zimenezi ndizo zimawadzutsa m'mawa. Koma akazi awo anandinong'oneza Lamulungu kutchalitchi kuti wailesi inagulitsidwa kale kugulira matikiti, ndipo tsopano diso lili pa makina awo osokera, amene akudyetsa banja lonse. "Amamvera inu nokha, alamu. Auzeni asiye."

Ndikawakaniza, ndine mwana wosayamika. Ndikawapatsa nambala, makina osokera aja apita.

Ndawaperekeza mpaka pasiteji. Phazi limodzi lili kale m'minibasi, acheuka. "Ndiye 17 uja?"

"Mwina, achimwene."

Amwetulira ngati kale lija panjinga. Lamulungu alamu adzandidikira pakhomo la tchalitchi, ndipo ine sindikudziwa kuti ndikalowera khomo liti…